Abwera ku Congo koma sagona: tiwathandize bwanji asilikali ndi akazi awo?

Mwana_wa_Dyeratu
Anzanga, pali nkhani imene kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje timaikamba monong'ona. Anyamata athu ambiri ali ku usilikali, ndipo kuyambira 2013 akhala akusinthana ku Congo (DRC) kukasungitsa mtendere. Akabwera kumudzi timapha mbuzi, tsiku lachitatu alendo amabalalika, zotsala amaziona mkazi yekha. Munthu sagona, amakhala pakhonde mpaka tambala woyamba. Njinga yamoto ikaphulitsa ekizozi amadzigwetsa pansi. Mwana akagwetsa mbale ndiye kwayaka moto. Kodi amenewa ndi matenda kapena kutopa chabe? Zimatha zokha? Mkazi achite chiyani, apite kuti? Amene mumadziwa za chipatala ndi za usilikali tatiuzeni zogwirika. Za "limbani mtima" tinazimva kale.

Kabaza_Nchalo
Ndi madola amenewo akulu. Munthu akagwira alawansi ya UN mutu umazungulira basi.

Namwino_wa_Kuchigwa
A Kabaza, madola sadzidzimutsa munthu kutulo.

Munthu amene watha chaka akugona khutu lili panja, thupi lake silidziwa msanga kuti ndege inatera. Masabata atatu kapena anayi oyamba, kugona modukiza, kudzidzimuka, kupsa mtima msanga ndi kudana ndi phokoso sitikutcha matenda. Mwa ambiri zimazilala zokha.

Timaganizira za PTSD, matenda a maganizo obwera munthu akakumana ndi zoopsa, zikapitirira mwezi umodzi ndipo zikuononga ntchito kapena banja. Chizindikiro chachikulu n'chakuti zimene anaona zimabwerera zokha osaziitana: loto lomwelo usiku ndi usiku, kapena masana kumene, utsi wa nzimbe akamaotcha ku Nchalo ukamulowa m'mphuno, kwa mphindi ziwiri sadziwa kuti ali ku Malawi. Kenako amayamba kuthawa chilichonse chomukumbutsa. Sapita kumaliro, wailesi ikatchula mzinda wa Goma wa ku Congo amazimitsa, msika wa Ngabu tsiku la anthu ambiri saufuna. Amakhalanso tcheru nthawi zonse, pokhala amasankha poti msana uli kukhoma ndipo akuona khomo, usiku amayendera maloko katatu. Chimene chimawawa kwambiri akazi n'chakuti mtima umachita ngati wachita dzanzi: mwana akamuthamangira samva kanthu, ndipo amadzida chifukwa cha zomwezo.

Samalani ndi nthawi. Ena miyezi yoyamba amaoneka bwinobwino, zimadzayamba patatha miyezi 6 kapena kuposa, tchuthi chitatha, ndalama zitatha, anthu atasiya kufunsa.

Komanso musathamangire kunena kuti ndi maganizo musanayezetse thupi. Munthu wotentha thupi amene akubwebweta masana kapena sakuzindikira anthu, ayezedwe malungo tsiku lomwelo. Ngati bomba linaphulika pafupi naye, mutu wosatha, kuiwalaiwala ndi kulira kwa m'makutu zingakhale zochokera ku kuvulala kwa mutu. Mankhwala opewera malungo otchedwa mefloquine nawonso amalotetsa ena zoopsa, ndiye auze adokotala zonse zimene ankamwa.

Sajeni_Wopuma
Mayi namwino alasa. Ndiwonjezere za podzutsa, chifukwa apa ndi pamene akazi amavulala popanda amene walakwa. Ku mishoni, kuntchito ya usilikali ku Congo, munthu amagona mosinthana ulonda, nsapato kuphazi, mfuti pambali. Akagwidwa mwadzidzidzi ali mtulo, dzanja limayamba kugwira ntchito mutu usanadzuke. Ndiye musamugwedeze phewa, musamuweramire kumaso. Imani kumiyendo kwa bedi patali ndi mkono, yatsani nyali, muitaneni dzina lake la kunyumba, osati la usilikali, mubwereze modekha: muli kwanu, ndine uje, lero ndi Lachitatu. Ana auzidwe kuti asamadumphire bambo ali mtulo. Chikwanje ndi mpeni zisagone kuchipinda.

Chinanso, lekani funso lija lakuti "munapha angati?" Limafunsidwa pamowa ngati nthabwala koma limamutsekera munthu pakamwa chaka chonse. Chimene chimadya ambiri si kuombera ayi, ndi mnzawo amene sanabwere. Ku Beni, kum'mawa kwa Congo, mu November 2018 tinataya asilikali 6 pa nkhondo yolimbana ndi zigawenga za ADF. Mmodzi mwa iwo, Private Chancy Chitete, anafa akupulumutsa msilikali wa ku Tanzania, ndipo UN inamupatsa mendulo mu 2019. Opulumuka pa tsiku ngati limenelo amakhala ndi funso limodzi: bwanji iyeyo osati ine? Funso limenelo silitha ndi mbuzi yachikondwerero.

NaJere_wa_Ngabu
Mwayamba ndi abambo monga mwa nthawi zonse. Mkazitu amayamba kudwala mwamuna asanabwere n'komwe. Chaka chathunthu foni ili m'manja, kwina ku East Bank netiweki yochita kukwerera pachulu. Nkhani ngati ija ya January 2025, nkhondo itavuta ku Sake ndi ku Goma n'kumveka kuti asilikali atatu a Malawi aphedwa, nyumba iliyonse imene ili ndi munthu kumeneko imakhala pamaliro mpaka foni ilire.

Akazi oterewa sanena kuti ndili ndi nkhawa. Amanena kuti mutu, mtima ukuthamanga, m'mimba mukuotcha, thupi lonse kuphwanya. Kabuku ka kuchipatala kamadzaza ndi Panado, malungo osapezeka. Ngati kwa masabata awiri mayi sakugona, sakudya, ntchito zapakhomo zikumukanika ndipo palibe chomusangalatsa, amenewo ndi matenda a kukhumudwa, ndipo ali ndi mankhwala ake.

Zothandiza zimakonzedwa asananyamuke. Agwirizane tsiku loimbirana, koma anenetsane kuti likadutsa osaimba sindiye kuti wafa, nthawi zina foni saloledwa. Mkazi akhale ndi nambala ya munthu mmodzi wa ku bataliyoni woti amufunse zoona, osati kudalira magulu a WhatsApp. Magulu amenewo azitsekedwa ikamakwana 8 koloko usiku. Zithunzi za mitembo zimene anthu amatumizirana sizithandiza aliyense.

Pobwera napo pali msampha. Mayi wayendetsa yekha fizi, munda, mbuzi, chilango cha ana. Bambo tsiku lachiwiri akufuna makiyi onse. Mwezi woyamba zinthu zisiyidwe mmene anazipezera, azifunsa kaye, kenako agawane maudindo limodzi ndi limodzi.

Kabaza_Nchalo
Komatu ena akamabwera amapeza khomo lili ndi mapazi achilendo. Tisabise.

NaJere_wa_Ngabu
Ndipo ena amabwera ndi za ku Congo zimene sanapite nazo. Nanga tiwerengerane? Onse awiri akayezetse magazi limodzi sabata yoyamba, abwerezenso pakatha miyezi itatu. Miseche ya alamu si umboni. Munthu amene mutu wake uli kale tcheru, mukamuponyera "tinkamuona ku Dyeratu madzulo", mwayatsa moto umene simudzauzima.

Mlembi_Banki_Mkhonde
A Kabaza pa za ndalama sananame kwenikweni, angolakwitsa pogwira. Kwa ife Asena mkazi wolowoledwa amakhala kwa mwamuna, pakati pa apongozi ndi alamu. Mwamuna akachoka, aliyense pamudzi amadziwa kuti kukubwera madola, ndipo mkazi akanena kuti palibe amamuyesa wobisa. Akapereka, mwini wake pobwera amafunsa kuti zinapita kuti. Uku moto uku moto.

Mankhwala ake ndi pepala. Asananyamuke akhale pansi ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri, alembe: zapakhomo pamwezi zingati, za makolo zingati, fizi, ndi zosakhudzidwa. Za makolo azitumiza yekha mwamunayo pa Mpamba kapena Airtel Money, zisadutse m'manja mwa mkazi. Mkazi asunge kope la zonse zimene wagula. Katapila wotengera alawansi imene sinafike ndiye ayi, chifukwa malipiro otere amatha kuchedwa pomwe chiwongoladzanja sichidikira.

Akabwera, miyezi itatu yoyamba asagule chachikulu. Munthu wosagona amagula minibasi Lolemba, Lachisanu n'kuyamba kugawa ndalama kubala.

Mbuya_wa_Marka
Ana inu mukuzungulira. Nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992, anyamata obwera kutchire sankalowa m'nyumba chilowereni. Ankayamba asambitsidwa mankhwala, zovala za kunkhondo n'kutenthedwa, akuluakulu n'kuuza mizimu kuti mwana wabwera. Amene wayenda pamagazi amabwera ndi za eni ake. Kuno ku Nsanje tinakhala nawo othawa nkhondo zaka zambiri, zimenezi si zachilendo. Lero mumangomulandira ndi kireti ya mowa, ndiye mukudabwa chiyani?

Mkulu_wa_Mpingo_Fatima
Ambuya, ndi ulemu wonse, Mkhristu sasamba zimenezo. Pemphero ndi lokwanira.

Namwino_wa_Kuchigwa
Ambuya ndi akulu ampingo, nonse mukugwira chinthu chimodzi chimene chipatala sichingapereke: mudzi kumuuza munthu kuti takulandira, sitikuopa. Chimenecho chimachiritsa ndithu, kaya ndi kumtsinje kaya ndi kutchalitchi, bola mwini wake afune. Malire ake ndi awa. Asamwetsedwe zosanzitsa kapena zosadziwika muyezo. Asamangidwe zingwe kapena kusalitsidwa kudya masiku. Asauzidwe kuti ataye mapiritsi. Ndipo pasapezeke woloza chala mkazi kuti ndiye wamulodza. Mwambo kapena mapemphero zikachitika koma pakatha mwezi munthu akulotabe, musabwereze kachitatu, bwerani naye.

"Pemphero ndi lokwanira" sitinena kwa wa shuga, tisanenenso kwa uyu.

Kiliniko_Bangula
Ndifotokoze zimene zimachitika mukafika, chifukwa anthu amaopa kuti akangotchula maganizo ndiye galimoto ya ku Zomba. Ayi. Pa chipatala cha boma ku Chikwawa kapena ku Nsanje funsani namwino kapena kiliniko woona za matenda a maganizo, ndi tsiku la kiliniki yake. Ambiri amathandizidwa n'kubwerera kunyumba tsiku lomwelo. Ku Queen Elizabeth kapena ku Zomba Mental Hospital amatumizako zovuta zokha. Amene ali ku Moyale Barracks kapena ku Kamuzu Barracks ali pafupi ndi chipatala cha matenda a maganizo cha St John of God, ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.

Pa PTSD chithandizo choyambirira ndi uphungu wolunjika pa zimene zinachitikazo, kukumana ndi mlangizi wophunzira bwino ka 8 mpaka ka 12, kamodzi pa sabata. Munthu amafotokoza pang'onopang'ono mpaka nkhaniyo isiye kumugwira pakhosi, ndipo amabwerera mwa dongosolo ku zimene ankathawa, kuyamba msika wa m'mawa kulibe anthu. Zimenezi n'zosiyana ndi kumukhazika pabwalo tsiku lofika kuti anene zonse. Kukakamiza kotero sikuteteza, ena kumawaonjezera.

Mapiritsi amene amapezeka kawirikawiri ndi awiri. Fluoxetine, 20 mg m'mawa. Sagwira lero ndi lero, kusintha kumayamba pakatha masabata awiri mpaka anayi, nthawi zina asanu ndi limodzi. Sabata yoyamba kumakhala nseru, mutu ndi kusakhazikika, ndipo ambiri amasiyira pomwepa n'kumati sakugwira. Amathanso kuchepetsa chilakolako cha kuchipinda. Mkazi auzidwiretu zimenezi, apo ayi aganiza kuti kuli wina. Winayo ndi amitriptyline, kuyambira 25 mg usiku, amathandiza tulo koma amaumitsa kukamwa ndi kuchititsa chizungulire podzuka. Ndi kutentha kwa kuno munthu azimwa madzi ambiri ndipo azidzuka pang'onopang'ono. Wa vuto la mtima asamwe. Amitriptyline akamwedwa wambiri nthawi imodzi amapha, ndiye ngati munthu anatchulapo zodzipha, adokotala adziwe asanalembe.

Akapeza bwino apitirize miyezi 9 mpaka 12, posiya achepetse pang'onopang'ono ndi adokotala.

Zamagetsi_Thabwa
Nanga Valium? Ena amagula pa famase n'kugona ngati mwala.

Kiliniko_Bangula
Diazepam ameneyo. Amagonetsa masiku oyamba, pakatha masabata ochepa thupi limazolowera n'kufuna wambiri, maloto osachoka. Pa PTSD sitimulimbikitsa. Akaphatikiza ndi kachasu munthu amatha kusiya kupuma ali mtulo.

Zamagetsi_Thabwa
Koma kunena zoona mu October muno ndani amagona? Madigiri 40 masana, malata akutulutsa moto mpaka pakati pa usiku. Ngakhale amene sanapiteko ku Congo ali pakhonde. Fani ya DC ya mawatsi 15 pa batire ya 12V 40Ah imakoka usiku wonse, panelo ya mawatsi 100 imadzaza masana. Osadalira magetsi a pa mzere.

Kabaza_Nchalo
Mwayamba malonda madala. Batire yake ndalama zingati, tigulitse ng'ombe?

Zamagetsi_Thabwa
Mbuzi zokha zikwana. Koma mugule yeniyeni ya sola, ya galimoto imafa msanga mukamaikhetsa usiku uliwonse.

Namwino_wa_Kuchigwa
Faniyo sinasochere kwenikweni, chipinda chozizirirako ndi phokoso lake losasintha zimathandiza munthu amene amadzidzimuka ndi kalikonse. Za tulo zina ndi izi. Nthawi yodzuka ikhale imodzimodzi tsiku lililonse ngakhale wagona maola atatu. Tiyi, khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu zithere masana. Kugona masana kusapitirire mphindi 30. Tulo tikakana, adzuke akakhale pamkeka mpaka titabwera, asagubuduke pabedi akuyang'ana wotchi. Ngati akumenya kutulo, kugona mabedi awiri kwa kanthawi si kutha kwa banja, ndipo apongozi sakuyenera kudziwa.

Mtima ukayamba kuthamanga, akoke mpweya ndi mphuno akuwerenga mpaka 4, autulutse pang'onopang'ono mpaka 6, kwa mphindi zisanu. Aziyeserera kawiri pa tsiku ali bwinobwino. Wophunzira kusambira madzi atasefukira kale amamira.

Konzekeraninso nyengo. Makombola a Khirisimasi ndi chaka chatsopano, mabingu a mvula yoyamba, ndi helikopita zikamazungulira nthawi ya madzi osefukira monga zinalili pa namondwe Ana mu 2022 ndi namondwe Freddy mu 2023. Phokoso loyembekezeredwa silimugwetsa munthu ngati lodzidzimukira. Asilikali amene ankavuula mitembo m'matope nthawi ya Freddy nawonso amadwala chimodzimodzi, ngakhale sanatuluke m'dziko.

Sajeni_Wopuma
Mowa ndiye mdani wamkulu. Amayamba ndi botolo limodzi logonetsa. Mowa umagwetsa munthu msanga koma umamudzutsa 2 koloko ndi maloto oipa kuposa kale, mawa lake amaonjezera. Mukaona akufuna kakachasu m'mawa kuti manja asiye kunjenjemera, zafika pena.

Kiliniko_Bangula
Ndipo pamenepo amayi musamutayire mowa wonse n'kumutsekera m'nyumba. Amene wamwa kwambiri tsiku ndi tsiku akasiya mwadzidzidzi, kunjenjemera ndi thukuta zimayamba mkati mwa maola 24, khunyu imatha kumugwira tsiku loyamba kapena lachiwiri, ndipo tsiku lachitatu ena amaona zinthu zomwe palibe n'kusokonekeratu. Zimenezo zimapha. Kusiyitsa kumachitikira kuchipatala, ndipo apa ndi pamene diazepam ali ndi ntchito, wa masiku ochepa, pamodzi ndi vitamini B1.

Mwana_wa_Dyeratu
Takhuta nonse. Funso lovuta tsopano: akamanena kuti "bola ndikanatsala komweko", titani?

Namwino_wa_Kuchigwa
Mufunseni mosapsatira: kodi mukuganiza zodzipha? Kufunsa sikumuika maganizo amenewo, ambiri amapepukidwa kuti wina wamva. Akavomera, funsani ngati waganiza njira yake ndi tsiku. Zizindikiro zina: kugawa katundu, kulongosola za ana ndi ngongole ngati wa paulendo, kapena kukhala phee mwadzidzidzi atavutika nthawi yaitali.

Tsiku lomwelo chotsani m'nyumba tameki, mankhwala opopera thonje, dipi wa ng'ombe, mapiritsi ochuluka ndi zingwe za mbuzi. Osabisa kudenga, akasunge munthu wina kutali, pa loko. Kuno kuchigwa nyumba zambiri zili ndi botolo la mankhwala a thonje kuseri kwa chitseko, ndipo maganizo ofuna kufa nthawi zambiri amakwera kwa kanthawi n'kutsika. Botolo likakhala kutali, kanthawiko kamadutsa. Asakhale yekha, asamwe mowa, ndipo apite kuchipatala lero, osati Lolemba. Ngati ali ku barakisi komwe kuli mfuti, wamkulu wake kapena dokotala wa asilikali adziwe, ngakhale akwiye.

Akamwa kale, musamusanzitse, musamumwetse mkaka kapena mafuta. Muvuleni zovala zimene zathiridwa, mutsukeni khungu, mugonekeni chammbali, thamangani naye pamodzi ndi botololo kuti adokotala aone dzina lake.

NaJere_wa_Ngabu
Ndinenenso ichi, chifukwa ankhoswe amakonda kuti "pirira, wadwala". Matenda amafotokoza mkwiyo koma sapereka chilolezo chomenya. Kumenya kutulo osadziwa ndi kwina, kumenya masana chifukwa ndiwo zachedwa ndi kwina. Akakugwirani pakhosi ngakhale kamodzi, kapena akatchula zokuphani, chokani ndi ana usiku womwewo. Mukhale ndi khomo limene munagwirizana nalo kale, ndalama ya kabaza, ndi makabuku a kuchipatala pamalo amodzi. Ku polisi kuli Victim Support Unit, pa foni pali nambala yothandiza ochitiridwa nkhanza, 5600.

Ana nawo amaonetsa mwa njira yawo: wa zaka zisanu kuyambiranso kukodza pogona, wa Sitandade 7 kutsika m'kalasi. Auzeni mwachidule kuti bambo anaona zoopsa kuntchito, akukalipa si chifukwa cha inu. Wamng'ono amene akuthawa bambo ake asakakamizidwe kunyamulidwa, azolowera yekha akamaona bambo akusenda chimanga pambali pake.

Kabaza_Nchalo
Zonsezi n'zabwino koma msilikali sangapite. Akalembedwa kuti wamisala ndiye ulendo wina wa madola watha, udindo osakwera.

Sajeni_Wopuma
Mantha amenewo alipodi, ndipo ndi amene amabisitsa ambiri. Koma taonani chimene chimathetsa ntchito: kujomba pa pareti chifukwa cha matsire, kumenya wamkulu, mlandu wa kupolisi. Zonsezo ndi zipatso za kubisa. Wopita msanga nthawi zambiri amathandizidwa akugwirabe ntchito. Amene akuopa kuyamba ndi chipatala cha ku barakisi ayambe ndi abusa a asilikali, kapena chipatala cha boma ali pa tchuthi. Ndipo mawu a mkazi salowa msanga ngati a mnzake amene anali naye kumeneko. Pezani mmodzi wa gulu lake amene samwa kwambiri, ndiye amuperekeze.

Mkulu_wa_Mpingo_Fatima
Nanga akakaniratu? Kuno tsidya lino ulendo wa ku boma si wamasewera, makamaka mvula ikayamba. Sitingamunyamule.

Kiliniko_Bangula
Musamunamize kuti tikukagula simenti n'kukamutsitsa pachipatala, sadzakukhulupiriraninso. Lowerani pa chimene iye mwini akudandaula. Sadzavomera kuti ali ndi vuto la maganizo, koma avomera kuti sagona, mutu ukumupweteka, BP yakwera. "Tiyeni tikaonetse za tulozi" ndi zoona, ndipo n'zokwanira kutsegula khomo. Nkhaniyi ikambidwe m'mawa asanamwe, anthu awiri okha, osati pamaso pa ana kapena alamu. Akakana, bwerezani pakatha sabata. Kumutenga mokakamiza n'kwa pamene moyo wake kapena wa ena uli pangozi basi.

Mkazi akhoza kupita yekha kaye, akafotokoze ndi kuthandizidwa za iye mwini. Kwa inu a ku East Bank yambirani ku chipatala cha Trinity kapena pa chipatala chaching'ono chapafupi, akulemberani kalata ngati pakufunika kuoloka. Mutenge kabuku ka kuchipatala, mapaketi a mankhwala onse amene anabwera nawo ku mishoni, ndi kope limene mwalembamo masiku 14: wagona nthawi yanji, wadzuka kangati, wamwa mabotolo angati, chinamudzidzimutsa n'chiyani. Amene ayamba mapiritsi apemphe tsiku lobweranso lilembedwe m'kabukumo, ndipo December asanafike akambirane ndi adokotala za mankhwala okwanira nyengo imene msewu umaduka.

Mbuya_wa_Marka
Kopelo lembani, koma zovala za kunkhondo zisagone kuchipinda.

Sajeni_Wopuma
Yunifolomu ndi katundu wa boma ambuya, mukaitentha ndi mlandu. Ikhale m'chikwama kwa achimwene ake mpaka tchuthi chithe.